Chiwala Chatera Pakhomo Pathu

Tinali pakati poika nkhaka m'mabotolo, ine ndi amayi, pamene bambo analowa m'khitchini osavula n'komwe nsapato za kukhola. Amayi anayang'ana matope pansi, nayang'ananso nkhope ya amuna awo, koma sananene kanthu. Apo ndinadziwa kuti kwabwera nkhani.

"Leona," anatero bambo, "chiwala chako chija chikuuluka."

Viniga wotentha anandidonthera pa chala. Sindinakuwe.

Chiwala ndi dzina limene bambo anapatsa Silas Kehler tsiku limene anabwera kwathu koyamba. Atamufunsa za ntchito yake, Silas anayankha moona mtima, ndipo kuona mtimako n'kumene kunamupweteka. Anayamba ndi kuyankha mafoni a anthu amene makompyuta awo avuta, ku Winnipeg. Kenako anayala mawaya a intaneti m'masukulu ndi m'nyumba za okalamba. Kenako anapita ku mzinda wakutali wa Calgary kukasamala makompyuta a kampani ya magalimoto onyamula katundu. Atabwerera kuno kwathu analembera pulogalamu anthu oswetsa anapiye, ndipo ntchito imeneyo inali itangotha. Bambo anga, a Menno Hiebert, amene akhala akukama ng'ombe m'khola limodzimodzi chiyambire unyamata wawo, anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Munthu wosakhazikika pa ntchito sangakhazikike pa mkazi." Kuyambira pamenepo nkhani ya ukwati wathu inaima pa geti. Ine ndinali nditalonjeza Mulungu kuti sindidzalowa m'banja popanda dalitso la bambo, ndipo Silas ankadziwa zimenezo.

"Chikuulukira kuti?" anafunsa amayi.

"Ku Calgary. Komwera khofi kuja kwafika mkazi wa galimoto yofiira, akuti ndi bwana pa kampani ina yaikulu. Wabwera kudzamutenga. Ntchito yotchinga akuba kuti asalowe m'makompyuta, kaya chiyani. Dzina lake Kendra."

Dzinalo ndinkalidziwa. Kendra ankagwira ntchito ndi Silas ku Calgary. Silas anandiuzapo kuti anadyera naye chakudya chamadzulo kangapo, basi. Mawu akuti "basi" amenewo sindinawakhulupirire kwenikweni.

"Ine ndati ndi bwino," anapitiriza bambo. "Apite. Akakhale pa ntchito imodzi osadumpha, ndiye adzabwere tidzakambirane."

"Menno," anatero amayi motsitsa mawu, "nsapato."

Bambo atatuluka, amayi anatenga dzanja langa n'kuliika pansi pa mpopi wa madzi ozizira. Analigwira nthawi yaitali kuposa mmene chalacho chinkafunira.

* * *

Ndinalembera Silas uthenga waufupi: "Ndamva kwa bambo kuti ukupita ku Calgary. Uyende bwino."

Yankho linabwera ndisanaike foni pansi: "Sindinavomere kanthu. Ndikubwera. Usaviike mtima wako mu viniga limodzi ndi nkhakazo."

Tinakhala kumbuyo kwa galimoto yake, m'mphepete mwa munda wa mpendadzuwa, miyendo tikuigwedeza ngati ana. Asanayambe kufotokoza, anaona chala changa chofiira, n'kutsika kukatenga pulasitala. Silas ndi wotero. Amaona kaye pamene pakupweteka.

"Ndiye ku Calgary anyamata odziwa makompyuta anatha?" ndinafunsa. "Mpaka bwana ayende ulendo wonsewo yekha?"

"Leona."

"Ndikungofunsa. Mwina kunagwa mliri."

Anaseka, koma kuseka kwake sikunafike patali. "Ndikanakuuza lero lomwe. Bambo ako andichita changu." Anakanda m'mutu. "Vuto langa ukulidziwa. Ndikayang'ana ntchito zimene akulengeza, zonse zimaoneka ngati zanga, ndipo palibe yanga. A mawaya amati ndine wa mapulogalamu. A mapulogalamu amati ndine wa mawaya. Ndikapita kwa awa ndimabisa theka la moyo wanga, ndikapita kwa awo ndimabisa theka linalo, ndipo kulikonse ndimaoneka wochepa. Kendra akuti ndisiye kubalalika, ndigwire chinthu chimodzi, iye andiphunzitsa, ndidzakhale munthu wa dzina."

"Akulankhula ngati bambo."

"N'zimene zikundiopsa. Anthu awiri amene sagwirizana pa chilichonse agwirizana pa ine."

Kenako ananena chimene anali kubisa. Bungwe loyang'anira nyumba za okalamba m'dera lathu linkafuna munthu mmodzi wosamala makompyuta a nyumba zonsezo. Waya ukaduka, ndi iye. Namwino akalephera kutsegula kompyuta, ndi iye. Nkhalamba ikafuna kuona zidzukulu pa foni, ndi iyenso. Anali atakaonana kale ndi Mayi Funk, mkulu wa bungwelo, ndipo komiti yawo inkakumana Lachiwiri kuti isankhe munthu.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinkaopa kukulonjeza chimene sindinagwire. Komanso taganiza, ndikaime pamaso pa bambo ako n'kunena kuti ntchito yanga ndi ya zonse? Adzati chiwala chalembedwa ntchito yodumpha."

"Nanga Kendra akufuna yankho liti?"

"Lamulungu. Akuti Lolemba mpata apatsa wina."

"Ndiye kuti za Lachiwirizo akuzidziwa."

"Ndinamuuza ndekha, ngati chitsiru." Anapumira m'mwamba. "Pa ntchito yathuyi pali lamulo limene aliyense amalidziwa: sukana ntchito imene ili m'manja usanasayine ina. Ndikakana Calgary, komiti n'kusankha wina, nditsala manja lende. Tandiuza, ndichite chiyani?"

Mtima wanga unkafuula kuti, "Usapite." Koma ndinaopa kuti ndikamusankhira, tsiku lina m'tsogolo adzandiyang'ana ngati chingwe chimene chinamumanga.

"Sindikusankhira," ndinatero. "Ndingokufunsa chimodzi. Pa ntchito zonse wagwirazi, ndi tsiku liti unabwera kunyumba wotopa koma wokondwa?"

Anayang'ana mpendadzuwa nthawi yaitali. Ine ndinapemphera chamumtima, osati kuti akhale, koma kuti asadziname. Pemphero loyambalo ndinalisiya m'manja mwa Mwini wake, amene amamva ngakhale zimene tachita manyazi kuzinena.

* * *

Lamulungu galimoto yofiira inaima pa tchalitchi pathu, pakati pa magalimoto a alimi odzaza fumbi. Kendra anakhala mzere wachitatu, ndipo theka la mpingo linaimba nyimbo likuyang'ana tsitsi lake. Potuluka anandipeza pa khomo.

"Ndiwe Leona, eti? Silas ankati ndiwe wachete." Anandigwira dzanja, n'kulinunkhiza chapatali akumwetulira. "Viniga! Ayi, n'zosangalatsa. Ndimaganiza kuti zimenezi zinatha ndi agogo athu."

"Zikadalipo," ndinayankha. "Anthu akadali kudya."

"Usandione ngati mdani, mwana'we. Ine ndikungodana ndi kuona munthu waluso akuwola pamalo amodzi. Ngati umamukonda, umumasule."

"Sindinamumange."

Ndisanawonjezere kanthu, bambo anafika atavula chipewa, nkhope ili ngwee, chinthu chimene sachitira alendo kawirikawiri. "Mayi, simungabwerere kwanu osadya faspa ya kwa Hiebert. Mubwere madzulo ano. Mnyamata wa Kehler uja nayenso abwere."

Amayi anandipsinja mkono. Tonse tinamva chimene bambo ankafuna: kuti nkhaniyi ithere pa tebulo pawo, iwo akukankha mbali iyi, Kendra akukoka mbali inayo.

* * *

Faspa, chakudya chathu chopepuka cha Lamulungu madzulo, sitiphikira moto, chifukwa Lamulungu ndi lopuma. Amayi anayala mabanzi a dzulo, tchizi, soseji yozizira, jamu wa maula ndi nkhaka za chaka chatha, khofi ali pakati. Silas anabwera atavala malaya ake abwino aja, kolala itapindika mbali imodzi. Podutsa ndi mbale, amayi anaiwongola.

Kendra analankhula bwino, ndisaname. Anafotokoza za ofesi ya pamwamba pa nyumba yaitali, za maphunziro amene kampani idzamulipirira Silas, za dzina la udindo limene munthu angalitchule pa ukwati osachita manyazi. Bambo ankagwedeza mutu ngati ali pa ulaliki.

"Wamva, mnyamata?" anatero. "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Gwira nthambi imodzi."

Silas anaika kapu yake pansi.

"Ndaigwira, Bambo Hiebert. Kendra, zikomo chifukwa cha ulendo wonsewu, koma ku Calgary sindipita."

"Kodi a nkhalamba aja akulemba kale?" anafunsa Kendra.

"Ayi. Akumana Lachiwiri."

"Ndiye ukukana ntchito usanasayine ina? Silas, ngakhale mwana woyamba kumene sachita zimenezo!"

"Ndikudziwa. Koma wina anandifunsa funso, ndipo landisowetsa tulo. Masiku onse amene ndinakondwa pa ntchito anali ofanana: munthu wachita mantha ndi makina, ine n'kukhala naye mpaka manthawo atatha. Ku mafoni zinali zimenezo, ku masukulu zimenezo, ngakhale kwa anapiye zinali zimenezo. Ndimaganiza kuti ndagwira ntchito zambiri. Ndagwira imodzi, kungoti m'nyumba zosiyana. Akandikana Lachiwiri, ndifuna ina yonga yomweyo, kuchipatala kaya kusukulu kuno konkuno. Zinazo ndasiya kufunsira."

Ndinayang'ana m'mbale mwanga kuti anthu asaone nkhope yanga.

"Mawu okoma," anatero bambo. "Mawu sakama ng'ombe."

Kendra anaona kuti ali ndi womuthandiza, ndipo anatembenukira kwa bambo. "Mukuona, bambo? Matenda akewa ndi akale. Ine ndagwira naye ntchito, ndikumudziwa kuposa aliyense pano. Akanakwera udindo kalekale, koma sadziwa kusiya anthu. Lachinayi lililonse madzulo ankatuluka mu msonkhano, abwana akuyang'ana, kukaimbira foni nkhalamba ina ya kuno ku Manitoba. Nkhalamba yosaona bwino, imene anaikonzera kachipangizo kowerenga nyuzipepala mokweza pamene ankayala mawaya kunyumba ya okalamba. Sabata iliyonse kuifotokozera batani lomwelomwelo! Kenako azimvetsera za mitengo ya tirigu ndi za mng'ono wake wa ng'ombe amene sabwera kudzamuona. Chipale chofewa chigwe, ntchito ichuluke, iye ali pa foni ndi Dietrich wakeyo. Ndinamuuza kuti, iwe, ntchito ija inatha, munthuyo si m'bale wako, musiye. Mukuganiza anamva?"

Amayi anasiya mpeni uli m'kati mwa tchizi.

Kendra sankadziwa kuti a Dietrich Hiebert ndi akulu awo a bambo anga, mimba imodzi. Sankadziwanso kuti ine ndi Silas tinaonana koyamba m'chipinda cha a Dietrich, Lachinayi lina, ine nditabweretsa mabanzi, iye atagwada pansi akufunafuna waya kuseri kwa bedi. Chibwerere kuchokera ku Calgary, Silas sankaimbanso foni, ankapita yekha kwa a Dietrich. Kangapo konse ndinafuna kuwauza bambo, koma Silas anandiletsa. Ankati chabwino ukachigulira nacho mkazi chimasanduka malonda.

"Dietrich uti?" anafunsa bambo.

Kendra anayang'ana uku ndi uku. "Kaya. Ndalakwa chiyani?"

"Simunalakwe, mayi," anatero amayi. "Onjezerani khofi."

Bambo anatembenukira kwa Silas. "Chiyambire liti?"

"Chiyambire pamene ndinayala mawaya kumeneko, bambo."

"Usanamudziwe Leona?"

"Ndisanamudziwe."

"Uli ku Calgary konse kuja?"

"Amasungulumwa Lachinayi," anatero Silas, ngati akupepesa. "Ndi tsiku limene akazi awo anamwalira."

Tsikulo bambo anali ataliiwala. Anaimirira, natenga chipewa, n'kunena kuti ng'ombe zikudikira, ngakhale tonse tinkadziwa kuti nthawi yokama inali isanakwane.

* * *

Kendra sanakhalitse. Pa khonde anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba sanamwetulire.

"Ndinabwera kudzamutenga, n'kukhala ine womuchitira umboni," anatero. "Pa ntchito yathu anthu amachita kupempha kuti uwanenere zabwino kwa abwana atsopano. Ine ndapereka ulere, kwa apongozi."

"Mwanena zoona zokhazokha," ndinayankha.

"N'zimene zikundiwawa." Anayang'ana Silas, amene anaima patali dala. "Anali atandikana kale ku Calgary konko. Sindinafune kumva."

Amayi anatuluka ndi botolo la nkhaka zatsopano, atalikulunga m'kansalu kuti lisasweke panjira. "Musatsegule msanga," anatero. "Zimafuna nthawi kuti zikome." Kendra analilandira ndi manja awiri. Ndinamupempherera pamene galimoto yofiira inkatuluka pa geti. Sindinganene kuti linali pemphero lalitali, koma linali loona.

Fumbi litatsika, Silas anandinong'oneza, "Ndiye wamva? Ulova wanga tsopano ndi wovomerezeka."

"Khala chete, chiwala iwe," ndinatero, ndipo ndinaseka mpaka misozi, chifukwa kuyambira Lachisanu ndinali ndisanapume mpweya wokwanira.

* * *

Bambo anabwerako dzuwa likadali pamwamba pa mitengo ya kumpanda. Ulendo uno anavula nsapato pa khomo. Anasamba m'manja nthawi yaitali, n'kukhala pa mpando wawo, natiuza tonse kuti tikhale.

"Silas," anatero. Aka kanali koyamba kumutchula dzina lake. "Ine ndimayesa kukhazikika ndi kukhala pamalo amodzi. Ndakhala pamalo amodzi moyo wanga wonse, ndipo mkulu wanga, amene ali pafupi pomwepa, ndimamuona pa Khirisimasi. Iwe wayenda dziko lonseli osamusiya. Unabwera kudzandipempha mwana wanga, ndinakukaniza. Pemphanso."

Silas anaimirira mofulumira mpaka mpando unagwa. Amayi anaseka akulira.

"Bambo Hiebert, ndikupempha Leona."

"Iye akuti bwanji?"

"Ndinavomera kalekale, bambo," ndinatero. "Timadikira inu."

"Mutenge. Mulungu akudalitseni nonse awiri."

Sindidziwa mmene ndingafotokozere mphindi imeneyo. Amayi anandikumbatira fungo la katsabola lili m'tsitsi mwawo. Silas anadzutsa mpando, n'kuugwetsanso. Pansi pa tebulo anapeza dzanja langa, nasamala kuti asakhudze chala chopsa chija. Ndinati mumtima, Ambuye, mwandipatsa ngakhale chimene ndinachita manyazi kupempha.

"Tigwirane manja, tipemphere," anatero bambo.

Tinaweramitsa mitu. Bambo anga pemphero lawo silisintha, ndipo ndimatha kulinena ndili m'tulo. Koma tsiku limenelo anayamba, n'kuima. Anayambanso, n'kuimanso.

"Sindingathe," anatero. "Sindingalankhule ndi Mulungu ndisanalankhule ndi munthu."

Tinadzutsa mitu.

"Lachitatu lapitali ndinakumana ndi Mayi Funk ku positi ofesi. Anandikokera pambali. Anati, Menno, mnyamata wa Kehler uja wafunsira ntchito kwathu, ndipo tamukonda. Anthu amene anatipatsa kuti tiwafunse onse amuyamikira, koma amenewo anasankha yekha. Iwe amabwera kwanu. Tandiuza zoona, ndikauze komiti: kodi adzakhalitsa?"

Amayi anaika dzanja pakamwa. "Menno, unati chiyani?"

"Ndinkafuna apite kutali," anatero bambo, osayang'ana aliyense. "Ndinati ndi chiwala. Ndinati asataye nthawi yawo, pofika dzinja adzakhala atauluka. Anandithokoza, n'kunena kuti mawu a Hiebert ndi okwanira."

Calgary inali itapita ndi galimoto yofiira, ndipo komiti inkakumana mkuja. Ndinayang'ana Silas. Nkhope yake inali itayera, koma dzanja langa sanalisiye.

Bambo anakankha mpando wawo, naimirira. Munthu amene sindinamumvepo akupepesa ngakhale kwa amayi anazungulira tebulo, n'kukaima pamaso pa mnyamata amene ankamutcha chiwala.

"Mawa ndikangokama, ndipita kwa Mayi Funk ndekha, ndikameze mawu anga pamaso pawo. Kaya andimvera, kaya mawuwo afika kale kwa a komiti, sindikudziwa. Koma sindidikira mawa kuti ndinene ichi." Mawu awo anakwera mpaka anamveka pa khonde. "Ndakunamizira, mwana wanga. Ndatseka khomo limene unasiyira zonse kuti ulowepo. Silas, ndikhululukire."